Tiphunzire liwu lachingerezi lakuti "encourage"

Zikomo a mfumu, a komiti ya sukulu, amayi ndi abambo. Inu achinyamata muli kumbuyoko, tasenderani kuno kuti muziona bwino pa bolodi.

Lero tagwira liwu limodzi lokha, koma ndi liwu lomwe limatipeza paliponse. Lili m'makalata ochokera kwa ahedi, lili pa mapepala omata kukhoma la chipatala, limamveka pa wailesi, ndipo aphunzitsi amalilemba pa lipoti la mwana. Ndalilemba apa: "encourage". Potchula, mphamvu ikhale pakati, in-KA-rij, ndipo kumapetoko musakokere kuti "reji". Tiyeni tonse pamodzi. Amayi kumanzereko sindinakumveni, tabwerezani. Eya, mwatero.

Tanthauzo lake ndi kulimbikitsa. Angerezi analitenga ku Chifalansa m'zaka za m'ma 1400, ndipo mkati mwakemo muli "courage", kulimba mtima, lomwe muzu wake ndi liwu lachilatini "cor", kutanthauza mtima. Choncho mukamalimva, ganizani za munthu amene akulimbitsa mnzake mtima kuti achite chinthu.

Tsopano pamene ana athu amagwa pa mayeso ndi pa kamangidwe ka chiganizo. Liwu ili likangotuluka, lotsatira ndi munthu amene akulimbikitsidwayo, kenako kaliwu kakuti "to", kenako ntchito yomwe achite. Onani: "I encourage my daughter to finish school." Ndikulimbikitsa mwana wanga wamkazi kuti amalize sukulu. Munthu, "to", ntchito. Ndimaona ana ambiri akulemba "I encourage my daughter for finishing school", ena amangosiya "to" osamuikamo n'komwe. Wochonga amadula malikisi pamenepo, ndipo mukudziwa kuti mwana sangalandire satifiketi ya MSCE ngati walephera Chingerezi, ngakhale masamu ndi sayansi atakhoza bwanji. N'chifukwa chake kaliwu kakang'onoka ndikukalimbikira chonchi.

Mnzake wotsutsana naye ndi "discourage", kufooketsa kapena kugwetsa ulesi. Koma iyeyu sayenda ndi "to". Amayenda ndi "from", ndipo ntchitoyo imathera ndi "ing": "We discourage children from selling at the market during school hours." Tikuletsa mwaulemu ana kugulitsa malonda kumsika nthawi ya sukulu. Achinyamata, lembani ziwirizi moyang'anizana m'kope: wina "to", wina "from".

Makolo, gawo lotsatirali ndi lanu. Kalata ikabwera kuchokera kusukulu yonena kuti "Parents are encouraged to attend the meeting", ena amafunsa kuti kodi ndi lamulo. Si lamulo. Likanakhala lamulo akanalemba "must" kapena "are required to". Apa akukupemphani mwaulemu, koma akuyembekezera kukuonani. Ine ndinganene kuti musamaone ulemuwo ngati chilolezo chokhalira kunyumba, chifukwa wolembayo wafewetsa mawu pokulemekezani, osati chifukwa nkhaniyo ndi yaing'ono. N'chimodzimodzi kusikelo mukawerenga kuti "Mothers are encouraged to breastfeed exclusively for six months." Palibe adzakumangeni mukapanda kutero, koma ndi uphungu wa azaumoyo, ndipo bungwe la World Health Organization limanenanso zomwezo, kuti mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi 6 yoyambirira.

Chinthu chopanda moyo nachonso chikhoza kuchita "encourage", ndipo si nthawi zonse pamene zotsatira zake zimakhala zabwino. A zaumoyo akamayendera mudzi amatha kunena kuti "Standing water encourages mosquitoes to breed." Madzi odikha m'zithaphwi, m'zigoba za matayala ndi m'zitini kuseri kwa bafa sakulimbitsa udzudzu mtima ayi, akungoupatsa malo abwino oswanirana. Pamenepo tanthauzo lake ndi kuchititsa kuti chinthu chichuluke.

Pa lipoti la mwana mukapeza aphunzitsi alemba "Encouraging results", kondwani. Akuti zotsatirazo zikupatsa chiyembekezo, mwana akukwera ngakhale sanafike pamwamba. Dzina la chinthucho ndi "encouragement", chilimbikitso, ndipo kawirikawiri saikako "s" kumapeto. Mukafuna kuthokoza alendo pa mwambo, nenani "Thank you for your words of encouragement."

Bambo uko mwakweza dzanja. Akufunsa kuti nanga "reassure" amene amamumva kuchipatala ndi yemweyu? Funso labwino kwambiri, ndipo ndi awiri osiyana. Tiyerekeze mayi wafika usiku ndi mwana wotentha thupi, akunjenjemera ndi nkhawa. Namwino wamuyeza mwana, wampatsa mankhwala, kenako wagwira mayiyo paphewa n'kunena kuti khazikitsani mtima pansi, achira ameneyu. Chimenecho ndiye "reassure", kuchotsa mantha: "The nurse reassured the mother that the child would recover." Mmawa mwake namwino yemweyo akuuza mayiyo kuti musasiyire panjira mankhwalawa, mumalizitse onse ngakhale mwana ayambe kusewera. Apo ndiye "encourage": "The nurse encouraged the mother to finish the treatment." Woyambayo amakhazika mtima pansi, ndipo nthawi zambiri amatsatana ndi "that". Wachiwiriyu amakutumani kuti muchitepo kanthu, ndipo amatsatana ndi "to".

Tsopano khalani awiriawiri, wamkulu ndi wachinyamata. Wamkulu anene m'Chichewa chinthu chimodzi chomwe amalimbikitsa pakhomo pake ndi china chomwe amaletsa, wachinyamata azitembenuze n'kulemba. Ndikupatsani mphindi 10, ndipo ndiziyenda kuona makope. Amene alibe cholembera akweze dzanja, ndabwera ndi mapensulo angapo.