Malo a ofisina yakale aja, musayambe kukumba maziko

Eya, mwaswera bwanji amayi ndi abambo a gulu lathu la msika kuno ku Ulóngwe. Ndikujambula mawuwa chifukwa dzulo pamsonkhano tinangosokonezana. Nkhani ndi ya malo aja kuseri kwa ofisina yakale, pamene ankakonzerapo mathirakitala ndi kusungirapo mankhwala a fodya. Ena mwati tiyambe kuumba njerwa zomangira msika pamalopo sabata ino. Ayi, dikirani kaye.

Choyamba, kapena ndiyambe chonchi. Malo kuno ku Mozambique ndi a boma, lamulo la malo la 1997 likutero. Ife timangopatsidwa DUAT, chilolezo chogwiritsa ntchito. Ndiye ngati pansi pali poizoni amene tinamupeza ali kale, boma nalo ikulikhudza. N'chifukwa chake tikulemba rekerimento, kalata yopita ku município, khonsolo ya tawuni yathu, kupempha kuti ndalama zoyezera dothi zilowe mu bajeti yawo. Zoyezera, mwamva? Osati zochotsera. Ndibwereze, chifukwa apa ndi pamene bambo wina pamsonkhano paja anandifunsa kawiri. Ndalama zoyezera ndi zina, zochotsera dothi loipa ndi zina. Mukalemba kuti tipatseni ndalama tiyeretse malo, akufunsani kuti muli chiyani m'dothimo, inu kukamwa yasa. Ngakhale ku America, kumene lamulo la 2002 limalola bungwe la boma loona zachilengedwe la EPA kupatsa mizinda ndalama za malo otere, thumba loyezera ndi lapadera.

Musanalembe kalatayo, sakani mbiri ya malowo. Izi sizifuna ndalama. Pitani kwa sekeretale wa bairro, kwa amfumu, makamaka kwa agogo amene ankagwira ntchito pamenepo. Afunseni, oyilo wakuda munkathira pati? Thanki ya dizilo inakwiriridwa mbali iti, ndipo anaifukula? Mabatire akutha ankawaswera pati? Jambulani mapu papepala, ikani mtanda paliponse pamene aloza. Zitsime zoyandikira muzilembenso, chifukwa dizilo akadontha amatsika mpaka kukayandama pamwamba pa madzi apansi.

Tsopano apa mvetserani, apa ndi pamene ine ndinagwa nazo. Chaka china ndili ku Moatize, tinkafuna kumanga kasukulu ka mkaka pafupi ndi garaja ina yakale. Ine ndi changu changa ndinatenga khasu, ndinapala dothi lapamwamba, lapamwamba penipeni, ngodya zinayi, n'kusakaniza zonse m'jumbo imodzi. Jumbo ya shuga! Ndinaiika pansi pa mpando m'chapa, minibasi ija, mpaka ku Tete, ndipo kutentha kwa ku Tete mukukudziwa, kumapitirira madigiri 40. Munthu woyeza uja atangoiona anaseka. Akuti mafuta amauluka ndi kutentha, ndiye zimene mwabweretsazi zionetsa ngati malo ndi abwino pamene si abwino. Komanso mwasakaniza, tidziwa bwanji ngodya yoipa? Ndalama ya ulendo inapita, tsiku linapita.

Ndiye musatape nokha. Iyayi, ndisanene kuti musayandikire, mukhalepo ndithu, koma wotapa akhale katswiri wolembetsedwa ku boma, monga likunenera lamulo la 54/2015 loona za kuunika chilengedwe. Inu ntchito yanu ndi kumulozera mitanda ija, ndi kumuyang'anitsitsa. Aboole mozama, atape pamwamba, pakati ndi pansi, chilichonse m'botolo lakelake lagalasi, lodzaza mpaka pakamwa, lotsekedwa, lolembedwa malo ndi kuzama kwake. Mabotolo alowe m'bokosi la ayezi. Atapenso pamalo ena patali pamene sipanagwiridwe ntchito, kuti pakhale poyerekeza. Mukaona akungopala pamwamba ngati ine, mufunseni.

Aa, ndinaiwala. M'kalata muja mutchule zoti ayeze. Mafuta, mtovu wa m'mabatire, ndi mankhwala akale ophera tizilombo onga DDT, amene amakhala m'dothi zaka makumi. Mtovu suwola n'komwe, ndipo umaononga ubongo wa ana, ana athu omwewa amene azidzakwawa pansi amayi awo akugulitsa tomato. Zidutswa za malata a lusalite, a asibesitosi, zija musaziswe, musazisese pouma, fumbi lake ndi loipa m'mapapo.

Pali bambo wina, dzina ndisatchule, tinamuuza zonsezi. Iye amvekere, dothi ndi dothi, makolo athu ankayeza? Anamanga nyumba zitatu za lendi pamene panali pampu yothirira mafuta m'magalimoto, anakumba chitsime. Madzi ake mukatunga m'ndowa pamwamba pamachita utawaleza, tiyi kununkha dizilo. Alendi amakhala mwezi umodzi n'kusamuka. Pano akugula madzi a m'zigubu.

Kaya ndinali pati... eya, kalata. Mulembe m'Chipwitikizi, makope awiri, mapu aja mumatepo, asayine atsogoleri a gulu ndi sekeretale wa bairro. Kope limodzi adinde chidindo ndi tsiku, mubwere nalo. Lina lofanana lipite ku ofesi ya zachilengedwe ya chigawo ku Tete, atha kudziwitsa a AQUA, omwe ndi oyang'anira zoipitsa malo. Osangosiya kalata n'kukagona, muzipitako, bajeti imakonzedwa chaka chisanathe.

Zotsatira zikabwera musazibise m'thumba la wapampando, tidzawerenge tonse. Mwina adzati mbali imodzi yokha ndi yoipa, tikhoza kuthirapo konkire n'kuikapo poimika magalimoto, misika n'kupita kumtunda. Njerwa zija, Mayi msungichuma, ndalama yake isatuluke kaye. Loweruka m'mawa tikumane kwa agogo aja tiyambe mapu, wina abwere ndi cholembera.