Kalata ya maepiskopi ikanapanda kuthera pa voti

Moni omvera nonse. Kalata yoyamba lero yachokera ku Namwera, kwa bambo amene anapuma ntchito yauphunzitsi. Alemba motere:

"Achimwene, ine ndinali m'tchalitchi pa 8 Malichi 1992 pamene ankawerenga kalata ya maepiskopi a Katolika. Mnzanga yemwe tinakhala naye benchi imodzi anandigwira bondo, dzanja likunjenjemera. Anthu amaikumbukira chifukwa cha matipate, koma ine chinandilasa mtima n'chakuti inakamba za malipiro ochepa, mitengo yomwe mlimi ankagulitsira mbewu, ndi ana odzaza m'kalasi. Kodi azipembedzo akanapitiriza njira imeneyo, ngakhale kuyambitsa chipani cha amphawi, Malawi akanakhala pati lero?"

Zikomo aphunzitsi. Funso limeneli limandisowetsa tulo nanenso. Kalata ija sinali yamasewera: malo osindikizira mabuku a ansembe a Montfort ku Balaka anatenthedwa, Monsinyolo John Roche anathamangitsidwa m'dziko. Chaka chomwecho kunabadwa Public Affairs Committee, momwe Akatolika, a CCAP, a Angilikani ndi Asilamu anakhala pamphasa imodzi. Pa 14 Juni 1993 tinavotera matipate. Koma chisankho cha 1994 chitangotha, ambiri tinaona ngati ntchito yatha, nkhani ya poto wa mphawi n'kutsalira m'mbuyo.

Za chipani, pepani aphunzitsi, ine sindikugwirizana nazo. Kuno ku Mangochi chipani chotsogozedwa ndi ansembe chikanaoneka cha Akhristu okha, Asilamu n'kuyambitsa chawo, ndipo umodzi wa 1992 ukanasweka tisanafike pa mlatho wa Shire. Chimene ndimalakalaka n'china. Tangoganizani mashehe ndi abusa akanakhala maso pa nkhokwe za chimanga monga mipingo inachitira pokana teremu yachitatu ya a Bakili Muluzi. Chimanga cha m'nkhokwe za boma chinagulitsidwa njala ya 2002 isanafike. Ansembe anafuuladi, koma anthu atayamba kale kudya gaga ndi zitsinde za nthochi. Mawu amenewo akanamveka Lachisanu kumzikiti ndi Lamulungu kutchalitchi matumba asanatuluke, ndikhulupirira kuti maliro akanachepa, ndipo kutseka misika ya ADMARC kumidzi kukanavuta.

Kalata ina yachokera ku Malindi, kwa mayi wogulitsa usipa:

"Achimwene, ife Asilamu timapereka zakati, n'chimodzimodzi anzathu ndi chopereka chawo. Nanga bwanji andale akabwera ndi matumba a simenti kumzikiti, atsogoleri athu amaiwala kunena za madoko omwe akutsekedwa ndi mipanda ya mahotela?"

Mayi, mwagunda pomwe pali bala. Wolandira simenti pakamwa pamalemera. Ndinaonapo msodzi akuzungulira mpanda wautali, nkhafi paphewa, kufuna pofikira nyanja imene agogo ake ankasambamo. Komatu kwanu ku Malindi n'kwawo kwa Masauko Chipembere, mwana wa wansembe wa Angilikani, amene mu Febuluwale 1965 ananyamuka ndi anthu ake kulowera ku Zomba pofuna kugwetsa boma la a Kamuzu Banda, n'kukakanika kuwoloka pa Liwonde. Sindikunena za nkhondo ayi. Ndikunena kuti Lachisanu likubwerali, mutengane ndi amayi anzanu a padoko, mukawafunse a shehe funso lomweli, kenaka mudzatilembere zomwe ayankha.