Wabodza simungamugwire poyang'ana maso: zomwe Among Us ndi Mafia zandiphunzitsa

Lachisanu lapitali anzanga 7 anandiponya mumlengalenga ndilibe mlandu. Ndilibe mlandu aise! Mu gemu ya Among Us ndinali crewmate weniweni, wosalakwa wongogwira ntchito zake, ndimalumikiza mawaya ku chipinda cha Electrical ngati mwana womvera, koma itafika mitingi wina akuti "mwamumva mmene mawu ake akunjenjemerera?" Basi voti yonse pa ine. Mawuwo amanjenjemera chifukwa netiweki imadukaduka, ndinali pakhonde foni nditaikweza m'mwamba ngati ndikupereka nsembe. Amene anayambitsa nkhaniyo ndi amenenso anali impostor, wakupha wobisala pakati pathu, ndipo pamene ndikujambula vidiyoyi akusekabe pa gulupu.

Takulandirani, kaya mukuonera masana kaya usiku pa bandulo yotchipa ija, ndikukuonani. Lero tikamba zomwe ndaphunzira m'magemu osaka wachinyengo pagulu. Ndili ndi mfundo 5, koma yachiwiriyo ndiye yandipangitsa kuyatsa kamera, musachoke isanafike. Dinanitu like pompano, simudzakumbuka kumapeto, ndimakudziwani.

Kwa omwe simunasewerepo, mwachangu. Zonsezi zinayambira ku Moscow, cha m'ma 1986, pomwe Dmitry Davidoff, wa ku dipatimenti ya psychology pa Moscow State University, anapanga gemu ya Mafia. Anthu ochepa akudziwana ndipo akupha anzawo usiku, anthu ambiri sakudziwa kanthu ndipo masana amakambirana n'kuvotera yemwe akumuganizira. Mu 1997 Andrew Plotkin anaiveka chikopa china n'kukhala Werewolf. Kenako Town of Salem mu 2014, kenako Among Us ya kampani ya Innersloth yomwe inatuluka mu 2018 koma sinadziwike kwenikweni mpaka 2020, nthawi ya Covid anthu atatsekeredwa m'nyumba, ndi pamene inaphulika. Mumalowa anthu mpaka 15, ma impostor amakhala mmodzi, awiri kapena atatu, enanu mukugwira ma taski, wina akapeza mtembo amaripota, mumakangana, mumavota. Zatha. Mwadziwa gemu.

Mfundo yoyamba. Wokuwa kwambiri ndiye amatsogolera voti, kaya akunena zoona kaya ayi. Munthu woyamba kutchula dzina ndi mphamvu amakhala wapambana kale theka la mkangano, chifukwa enawo sanaone chilichonse ndipo akungofuna wina awauze chochita nthawi isanathe. Ndiye mukamva "Red! Red! Voterani Red!" (m'gemu aliyense amadziwika ndi kala yake) funsani kaye kuti iyeyo waona chani. Tipite.

Mfundo yachiwiri, ndipo apa khalani pansi bwinobwino.

Pali bodza lina lomwe tonse tinakula nalo, loti wabodza amaoneka. Akuti sayang'ana m'maso, amachita chibwibwi, amakanda mphuno, mawu amasintha, amachedwa kuyankha. Pa TikTok pali timavidiyo tambirimbiri ta "zizindikiro 10 zoti akukunamizani", ndipo m'gemu iliyonse mumapezeka katswiri mmodzi woti "ine ndimawerenga anthu amwene, sindiphonya". Umaphonya. Umaphonya kwambiri, kungoti umakumbukira tsiku limodzi lija unalasa, masiku 9 omwe unaponya osalakwa unaiwala.

Izi sindikungolankhula chifukwa chowawidwa mtima ndi za Lachisanu, ngakhale zikundiwawadi. Mu 2006 akatswiri awiri, Charles Bond ndi Bella DePaulo, anasonkhanitsa kafukufuku 206 yemwe anachitika pa nkhani yogwira bodza, anthu oyesedwa onse pamodzi oposa 24,000. Munthu amaonetsedwa wina akulankhula n'kufunsidwa kuti akunama kapena akunena zoona. Mukudziwa analasa kangati? 54 pa 100 iliyonse. Kungoponya khobidi m'mwamba mumapeza 50. Ndiye luso lonse lija mumadzitama nalo likuposa khobidi ndi 4 basi. Ndipo mukagawa bwino, zoona amazizindikira pafupifupi 61 pa 100, koma bodza lenilenilo 47 pa 100, kutanthauza kuti pa bodza khobidi likukuposani. Apolisi nawo akayesedwa chimodzimodzi sasiyana kwenikweni ndi inu ndi ine, chomwe chimakula ndi kudzikhulupirira.

[Pa sikirini: 54 pa 100, pambali pake khobidi likuzungulira]

Nanga za maso zija? Gulu lina lotsogozedwa ndi Bond yemweyo linafunsa anthu a m'maiko 58 kuti wabodza mumamudziwa bwanji, ndipo yankho lomwe linatuluka pamwamba linali loti amathawitsa maso. Dziko lonse limakhulupirira zimenezi. Koma DePaulo ndi anzake mu 2003 ataunika zizindikiro 158 zomwe anthu amati zimaulula bodza, anapeza kuti kuthawitsa maso sikugwirizana ndi bodza pafupifupi n'komwe. Zija zoti akayang'ana m'mwamba chakumanja ndiye kuti akupeka nkhani nazonso Richard Wiseman ndi anzake anaziyesa mu 2012, sanapeze kanthu.

Ndipo ife ndiye timayenera kukhala oyamba kuzikana zimenezi, tangoganizani. Kwathu kuno mwana woleredwa bwino akamayankhula ndi wamkulu amayang'ana pansi, ukawatong'olera maso agogo amakufunsa kuti wakulera ndani. Ndiye munthu yemweyo amene anaphunzitsidwa ulemu kuyambira ali wamng'ono, lero mukumuuza kuti ndi wabodza chifukwa sakukuyang'anani? Pomwe tambwali weniweni, uja anakubwerekani ndalama mu Januwale, amakuyang'anani m'maso osaphethira n'kukuuzani kuti "mawa lomweli bwana". Iyenso anamva kuti wabodza sayang'ana m'maso, ndiye amayang'ana dala.

M'gemu zimakhala chonchi. Munthu wosalakwa akamunamizira amabalalika. Mtima umagunda, amayamba kukuwa, amaiwala dzina la chipinda chomwe anali, amati Storage pomwe amatanthauza Electrical, chifukwa sanakonzekere kuti afunsidwa, amangoganiza za mawaya ake. Impostor ndiye wakonzekera. Kuyambira pomwe wapha, wakhala akukonza nkhani yake, ndipo ikafika mitingi amayankhula mofatsa ngati abusa pa maliro. Ndiye mukamavotera wonjenjemera, nthawi zambiri mukuvotera watsopano m'gemu, wamanyazi, kapena wa foni yotentha yomwe ikumata. Pali mchemwali wina timasewera naye, amaseka akangofunsidwa funso lililonse, kaya ndi impostor kaya ayi, anabadwa choncho. Tinamuponya magemu 4 otsatizana, onse anali crewmate, mpaka anatiuza kuti "achimwene ndikasiya kusewera musadabwe". Titasiya kumuvotera chifukwa cha manyazi, gemu yotsatira anatipha tonse akuseka chimodzimodzi.

Wina mu makomenti alemba kuti "koma ine mkazi wanga ndimamudziwa akamanama". Bambo, mumadziwa mabodza omwe munagwira. Omwe simunagwire simungawawerenge. Lembanibe komentiyo, algorithm imakonda mikangano.

Tisanapitirire, gemu yathu ya Lachisanu lililonse 9 koloko usiku ikadalipo, linki ya gulupu ili m'munsimu, timayankhulana pa Discord chifukwa Among Us payokha ndi yolemba basi. Malo amadzaza msanga. Ndipo ngati simunapange subscribe mpaka pano, inuyo ndinu sus, kutanthauza wokayikitsa, mawu omwe ngakhale dikishonale ya Merriam-Webster inawalowetsa mu 2022, ndiye sindikutukwana.

Mfundo yachitatu, nanga tizigwira bwanji? Siyani nkhope, gwirani nkhani. Funsani zinthu zoti wina angathe kutsimikiza: unali kuti, unachokera kuti, unadutsana ndi ndani, umapanga taski yanji. Pa mapu a The Skeld kupanga swipe khadi ku Admin ndi common task, kutanthauza kuti ngati mmodzi ali nayo onse ali nayo, ngati inu mulibe palibe ali nayo. Ndiye munthu akakuuzani kuti anali ku Admin kupanga swipe pomwe pa mndandanda wanu palibe khadi, mwamugwira, ngakhale atayankhula mokoma bwanji. Scan ya ku MedBay imaoneka ndi maso ngati ma visual task ali oyatsa, impostor sangaipange, ndiye amene mwamuona akupanga scan musungeni ngati dzira. Tebulo la ku Admin limaonetsa kuchuluka kwa anthu m'chipinda chilichonse. Makamera a ku Security amaphethira kofiira wina akamaonera. Pa mapu a Polus pali Vitals yokuuzani kuti wina wafa kale mtembo usanapezeke. Umboni ulipo wambirimbiri, koma anthu amasankha kumvetsera kunjenjemera kwa mawu chifukwa n'kosavuta.

Chenjezo limodzi: kuyambira 2021 kuli ma role atsopano, Engineer ndi crewmate koma amalowa mu venti, timabowo tomwe ma impostor amazembera, Shapeshifter ndi impostor yemwe amatha kuoneka ngati inuyo. Ndiye "ndamuona ndi maso angawa" nayonso muzifunsa kaye kuti ma setting ali bwanji.

Ndipo funso lomwelo lifunseni kawiri, kachiwiriko mobwerera m'mbuyo. "Usanafike ku Navigation unali kuti? Nanga usanafike kumeneko?" Woyenda zoona amakumbukira njira yake ngakhale mosokonekera, wopeka amakhala anakonza kopita kokha, kobwerera sanakonze.

Yachinayi. Skip, kusavotera aliyense, si mantha. Tiwerengere limodzi, muli anthu 10, ma impostor 2, osalakwa 8. Apha mmodzi, mwatsala 7. Mwavotera wosalakwa chifukwa amanjenjemera, 6. Aphanso, 5. Mwapsa mtima mwaponyanso wosalakwa, 4. Akangopha awiri enanso mwafanana 2 kwa 2, gemu yatha, apambana. Pa anthu 6 omwe mwatayawo, awiri mwawaphera nokha. Davidoff anazipanga dala chonchi, ochepa odziwa kulimbana ndi ambiri osadziwa, ndipo chida chachikulu cha ochepawo ndi phuma la ambiriwo. Mukaona voti ikuthamanga aliyense akungoti "nanenso Blue, nanenso Blue" popanda woti anaona, zimandikumbutsa mumsika wina akangokuwa kuti wakubaaa, anthu amayamba kuthamangitsa yemwe akuthamanga, osafunsa kuti waba chani kwa ndani. M'gemu timaseka n'kuyambanso ina. Mumsika munthu sadzukanso.

Komabe musamangopanga skip mpaka kufa, mukatsala ochepa moti kupha kumodzi kukutha gemu, votani basi.

Yachisanu ndi ya inu okonda kukhala impostor, ndipo ndiyifupikitsa chifukwa sindikufuna kukuphunzitsani kundipha. Nenani zoona 9, bodza limodzi. Njira yonse yomwe mwayenda inenedwe momwe inalili, chotsani masekondi 5 okha aja munapha. Ndipo tetezani wosalakwa mmodzi poyera, adzakuikirani kumbuyo mpaka kumapeto, munthu savotera yemwe anamupulumutsa.

Ndinati 5 eti? Pali ina yaing'ono. Akufa sayankhula. Ukaphedwa tseka maiki, osayamba kutsokomola mwadala kapena kutumiza meseji ku inbox kuti "ndi Green", ukuononga gemu ya anthu 9. Komanso za m'gemu zizithera m'gemu, tinatsala pang'ono kutaya anthu awiri pa gulupu, mtsikana ndi chibwenzi chake, chifukwa mnyamatayo analumbira kuti "bebi ndikulumbira si ine" kenako n'kumupha ku Reactor. Sanayankhulane weekend yonse, mtsikanayo akuti vuto si kundipha, vuto ndi mmene unalumbirira mosavuta.

Sabata ya mawa ndikuonetsani momwe timaseweretsera Mafia pa WhatsApp popanda kudawuniloda chilichonse, ya anthu a mafoni odzaza memory, dinani kabelu kuti isakupiteni. Ndipo iwe amene unandiponya Lachisanu, ndikudziwa ukuonera, replay ndinasunga, ikubwera kumapeto kwa vidiyoyi. Onani pa miniti 2 pomwe akutuluka mu venti ya ku MedBay ine ndili pa mawaya.