Zipika za bowa pamene jacaranda akuchita maluwa

Moni abale anga, kaya muli ku Mbare, ku Epworth kapena kwathu ku Dedza. Lero ndikulankhula ndili kuseri kwa nyumba imene ndimagwirako ntchito kuno ku Harare, pamene ndasanja zipika 40 za bowa wa shiitake.

Kwathu bowa sitilima. Mvula ikagwa timangotenga lichero kukazula m'tchire, monga amachitira anzathu Achishona ndi nhedzi wawo. Shiitake ndi wina. Kwawo ndi ku Japan, China ndi Korea, ndipo amamera pa mtengo wodulidwa. Chaka chatha tinaboola zipika za mtengo wa oak, tinaika mbewu m'mabowomo n'kumata ndi phula. Mbewu imadya mtengowo pang'onopang'ono, miyezi 6 mpaka chaka, osaonetsa kanthu.

Tsopano vuto ndi ili. Malangizo amene abwana anandipatsa analembedwa ndi anthu a kumpoto kwa dziko lapansi, kumene nyengo yophukira mitengo imakhala ya chinyezi, March mpaka May. Kuno nyengo imeneyo imafika mu September ndi October. Jacaranda wakongoletsa misewu, inde, koma fumbi lili koboo, mvula mpaka November. Chipika chikauma mpaka mkati, mbewu yafa, chaka chonse chapita. Ndiye m'mawa uliwonse ndimanyamula chimodzichimodzi kumva kulemera kwake. Chikapepuka, mtima umandipweteka.

Ndazichotsa pansi n'kuziika pa njerwa chifukwa cha chiswe, chimene chinandidyera zipika zitatu. Pamwamba pali ukonde wa mthunzi, kumbali masaka otchinga mphepo. Makungwa ndimawasamala ngati khungu la khanda, poti akasendeka chinyezi chimathawa. Komanso kuthirira pang'onopang'ono tsiku lililonse si nzeru, kumangoitana nkhungu yobiriwira. Bola kunyowetsa kwambiri kamodzi, makungwa n'kuuma.

Zipika zoyera kumapeto kwake, zimenezo zakonzeka. Ndimazimiza m'mgolo wa madzi ozizira a pa mjigo maola 24, n'kuziimika motsamira. Pakatha sabata, timitu tabulauni tatuluka. Zikabereka zimapuma milungu 8.

Dzulo ndinathyola mbale yoyamba. Ndinaphika wotendera ndi nsinjiro monga ankachitira mayi anga, ndipo aMalume, amene anabwera kuno nthawi ya chitaganya isanathe mu 1963, anadya nsima osalankhula, kenako anati ndiwapakulirenso.