Musagulitse sipeya musanaone nambala ya chasisi

Moni nonse amene mukuonera, makamaka inu ogulitsa masipeya ndi amakaniko, kaya muli ku Biwi, ku Ndirande, ku Limbe kapena ku Mzuzu.

Munthu akalowa m'shopu n'kunena kuti, "Ndipatseni mapulagi a Vitz," mumupatsa angati? Ambiri athamangira kutenga anayi. Koma Vitz imene nambala yake ya chasisi imayamba ndi KSP90 ili ndi injini ya 1KR-FE, ya masilinda atatu, ndiye mapulagi ake ndi atatu basi. Ya SCP90 ili ndi 2SZ-FE, masilinda anayi. Ya NCP91 ili ndi 1NZ-FE ya malita 1.5. Zonsezi zinayamba kutuluka mu 2005, thupi lake ndi limodzi, kumbuyo kunalembedwa Vitz, koma m'boneti muli zinthu zosiyana. Dzina la galimoto palokha silingakuuzeni sipeya yoyenera.

[Kamera ionetse kachitsulo kolembedwa nambala]

Taonani kachitsulo aka. Pa galimoto zambiri za Toyota zochokera ku Japan kamakhala m'boneti, kapena pa chipilala chimene chimaonekera mukatsegula chitseko chakutsogolo. Ngati kafufutika, nambala ya chasisi ilinso mu blue book. Galimoto zopangidwira msika wa ku Japan, zomwe zambiri zimatipeza kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe, nambala yake imakhala yaifupi: zilembo ndi manambala ochepa, kamzere, kenako manambala ena. Hilux yopangidwa ku Durban ndi yosiyana, ili ndi nambala yaitali ya zilembo ndi manambala 17. N'chifukwa chake sipeya yobwera kuchokera ku South Africa musangoiika pa galimoto ya ku Japan poona kuti dzina ndi limodzi.

Mbali yoyamba ija, kamzere kasanafike, ndiyo mfungulo. Pa Probox, NCP50 ndi ya malita 1.3, NCP51 ndi ya 1.5. Pa Sienta ija yodzaza m'misewu yathu ngati takisi, NCP81 imakoka ndi matayala akutsogolo okha, pomwe NCP85 imakoka ndi onse anayi.

Pa Sienta pomwepa tiime kaye, chifukwa apa ndi pamene anthu akutaya ndalama zambiri. NCP81 ili ndi giyabokosi ya CVT. NCP85 ili ndi otomatiki wamba ya magiya anayi. Woyendetsa sangaone kusiyana kwenikweni, poti konseku amangoika pa D n'kumapita. Koma oyilo wake ndi wosiyana kotheratu.

M'kati mwa CVT, liwiro silisintha ndi magiya a mano. Muli mapule awiri ndi lamba wachitsulo. Mapulewo amafinyana ndi kumasukana, lamba n'kumakwera kapena kutsika, liwiro n'kumasintha. Kuti mphamvu ya injini ifike ku matayala, lamba uja ayenera kugwira mapule osatsetsereka, ndipo oyilo wa CVT anapangidwira zimenezo. Mukathiramo ATF, oyilo wa otomatiki wamba, galimoto iyenda bwinobwino tsiku loyamba, mwini wake athokoza n'kupita. Pakapita nthawi iyamba kunjenjemera ponyamuka, injini izilira kwambiri koma liwiro osakwera. Lamba akakanda mapule, kusintha oyilo sikuthandizanso, pafunika giyabokosi ina. Woyendetsa takisi amene amadalira Sienta imeneyo kudyetsa banja ndi kulipira abwana ake madzulo aliwonse, mwamuika pa mavuto aakulu chifukwa cha botolo limodzi.

Ndiye mudziwa bwanji? Pa kachitsulo kaja yang'anani mzere wa TRANS. Pa Toyota zazing'onozi, ikayamba ndi K, monga K210, imeneyo ndi CVT. Ikayamba ndi U, monga U340, ndi otomatiki wamba. Komanso si oyilo aliyense wolembedwa CVT amene amalowa paliponse. Toyota ili ndi TC ndi FE. Nissan ili ndi NS-2 ndi NS-3. Honda ili ndi HMMF ya Fit zakale ndi HCF-2 ya zatsopano. Werengani kumbuyo kwa botolo muone ngati mtundu wa galimotoyo walembedwapo. Ngati mulibe woyenera, muuzeni kasitomala kuti mulibe, apite kwa anzanu. Ine ndimalemekeza kwambiri wogulitsa amene amatero kuposa uja amangoti, "Ndi zimodzimodzi bwana."

China chachidule: 1NZ-FE ndi 1KR-FE zimayendera tcheni, osati timing belt. Wina akabwera kuti makaniko wamutuma timing belt ya Sienta, mufunsitseni bwino. Mwina akunena lamba wakunja woyendetsa alternator.

[Kamera ionetse bokosi la sipeya]

Mukapeza nambala ya chasisi, ilowetseni m'makatalogi a masipeya a pa intaneti, ngakhale pa foni pomwe, ndipo mupeza nambala ya sipeyayo. Zambiri za Toyota zimakhala ndi zigawo ziwiri, manambala asanu kutsogolo, manambala kapena zilembo zisanu kumbuyo. Mafyuluta ambiri a oyilo amayamba ndi 90915. Ndi nambala imeneyo mutha kufufuza yofanana nayo kwa opanga ena odziwika monga Denso, Aisin, NGK kapena KYB. Koma chenjerani, mayina omwewa ndi amene akuba amakonda kulemba pa masipeya abodza. Pulagi ya iridium ikamagulitsidwa mtengo wofanana ndi pulagi wamba, ikayikireni, ndipo musaiike pa shelefu yanu.

Kwa inu eni galimoto, jambulani kachitsulo kaja pa foni lero lomwe. Mukamatuma munthu kukagula sipeya, mutumizireni chithunzicho pa WhatsApp, ndipo ngati n'kotheka atengenso sipeya yakaleyo kuti akaiyerekeze ndi yatsopano asanalipire. Inu a m'shopu, lembani nambala ya chasisi pa lisiti lililonse, kuti sipeya ikabwezedwa muone msanga pamene panalakwika.