Timaboti ta thanga ndi bungwe limene limatisunga tofanana

Zikomo a mfumu, zikomo a tcheyamani a komiti ya pa doko, azibambo, azimayi, ndi inu achinyamata mwabisala kuseri kwa mtengowo. Sendererani kuno, mawu anga safika patali.

Mwandipempha kuti ndifotokoze ntchito imene ndinkagwira ku Joni. Ndikudziwa kuti ena mutaona zithunzi zanga munaseka, mumati mkuluyu anapita kutali konseko kukasamala mabafa a ana. Sindikukana, kaboti kake kamafanadi ndi bafa. Ndinkagwira pa kalabu ina ya maboti a thanga pa damu la Vaal, kum'mwera kwa Johannesburg. Ndinayamba ndi kupala ndi kupenta, kenaka anandiika kuti ndizithandiza munthu woyeza maboti mpikisano usanayambe. Pa sikelo ndi tepi pomwepo ndi pamene ndinamvetsa masewerawa.

Kabafa kaja dzina lake ndi Optimist. Anakapanga ndi mmisiri wina, Clark Mills, m'tauni ya Clearwater ku Florida, m'dziko la America, mu 1947. Anamupempha ndi Clifford McKay, yemwe ankafuna kuti ana a m'tauniyo akhale ndi chopikisana nacho pamadzi, ndipo anati mtengo wake usapitirire madola 50. Mills anatenga pulayiwudi wamba. Poona kuti mphuno yosongoka idya matabwa ambiri, anangoidula, n'chifukwa chake kutsogolo kwake n'kophwatalala ngati bokosi. Kutalika kwake ndi mamita 2.3, kulemera makilogalamu 35, osafika ndi thumba la chimanga lomwe. Kamakwera mwana mmodzi, ndipo chaka chimene wakwanitsa zaka 15 ndicho chake chomaliza. Mu 1954 Axel Damgaard anakatengera ku Denmark, kuchoka kumeneko kanafalikira mu Europe monse. Mpikisano woyamba wa dziko lonse unachitikira ku England mu 1962, ndipo mu 1965 anakhazikitsa bungwe lake, limene mwachidule amalitchula IODA. Lero lili ndi mayiko oposa 100.

Tsono inu asodzi mudzandifunsa: thanga timalidziwa, mphepo ikakhala kumbuyo umangokhala phee n'kumapita, nanga mpikisano uli pati? Apa ndiye pagona nkhani. Mpikisano wa timaboti iti umayamba molunjika kumene mphepo ikuchokera. Tiyerekeze mwera ukuomba, iwo amaika chizindikiro choyandama kum'mwera komweko, n'kunena kuti kafikeni uko. Palibe injini, palibe nkhafi.

Zimatheka bwanji? Thanga likakokedwa bwino limapindika ngati phiko la nkhwazi, ndipo mphepo imene ikudutsa mbali zake ziwiri imalikoka, osati kungolikankha. Koma kukokako kumapita cham'mbali. Ndiye pakati pa boti pali kabowo kautali, m'menemo amatsitsamo thabwa lolowa m'madzi. Thabwalo limakana kuti boti litsetserekere m'mbali, motero mphamvu yotsalayo imalipititsa kutsogolo. Kulunjika mphepo maso ndi maso ayi, thanga limangokupiza ngati chitenje pachingwe. Umapita chopingasa, pafupifupi theka la ngodya ya nyumba, kenaka n'kutembenukira mbali inayo, kenakanso kubwerera, ngati mmene galimoto imakwerera msewu wa Khwekhwerere. Luso lili podziwa nthawi yotembenuka. Mphepo siomba malo amodzi, imasuntha pang'onopang'ono, ndipo mwana amene amawerenga makwinya a pamwamba pa madzi amafika msanga kuposa mnzake wamphamvu. Ndinkaona atsikana ang'onoang'ono akusiya anyamata amatupi kumbuyo chifukwa cha maso okha. Ana athu a kuno, amene amadziwa vuma ndi mpoto asanadziwe kulemba dzina, mbali imeneyi sikanawavuta.

Poyambira pali mzere wosaoneka, pakati pa boti la oyang'anira ndi chizindikiro choyandama. Boti la thanga silingaime chilili ngati wothamanga pabwalo, ndiye onse amangozungulirazungulira kuseri kwa mzerewo. Kukatsala mphindi 5 lipenga limalira mbendera n'kukwera, pa mphindi 4 limaliranso, pa mphindi imodzi chimodzimodzi, kenaka lomaliza. Ukadutsa mzere lipenga lisanalire ubwerere ukayambenso. Ukachedwa, anzako akutchingira mphepo ndi matanga awo, iwe n'kutsala ukupuma mpweya wotha ntchito. Taganizani timaboti makumi asanu pamalo ngati kuchokera pano kukafika pa chigayo paja, ana akukuwa, ndipo palibe wogundana ndi mnzake.

Sagundana chifukwa pali malamulo, amene bungwe lalikulu la World Sailing limawakonzanso zaka zinayi zilizonse. Lalikulu ndi ili: boti limene mphepo ikuliomba kuchokera kumanzere lipatukire limene ikuliomba kuchokera kumanja. Onse akakhala mbali imodzi, amene ali kumtunda kwa mphepo apatukire wakumunsi. Chimene chinandidabwitsa ine n'chakuti pa mipikisano yambiri pamadzipo palibe woimba wezulo ngati ku mpira. Ukalakwira mnzako umadzilanga wekha, kupatuka n'kuzungulira kawiri. Ukakhudza chizindikiro, kamodzi. Ukakana, mnzakoyo amakuwa kuti wadandaula, ndipo mukatsika kumtunda nonse mumakakhala pamaso pa akuluakulu, mwana wa zaka 11 n'kumafotokoza mlandu wake ndi timaboti ta pulasitiki pa tebulo, mboni zili pomwepo. A mfumu, mukanaona, mukanati ndi bwalo lanu lomwe lino. Ndipo lamulo loyamba m'buku lonselo limati ukaona munthu ali pangozi, siya mpikisano ukamuthandize. Mapointi ako adzakuganizira pambuyo. Kuwerengera kwake, woyamba amapata pointi imodzi, wachiwiri ziwiri, ndipo wopambana ndi amene ali ndi zochepa. Kawirikawiri ulendo umene unachita moipitsitsa amaufufuta.

Tsopano ndifike pa bungwe, chifukwa ndi chimene a tcheyamani anandiitanira.

Mtundu uliwonse wa boti uli ndi bungwe lake, ndipo eni bungwe ndi eni maboti. Ntchito yake yeniyeni ndi imodzi: kuonetsetsa kuti boti la mwana wa mpondamatiki ndi la mwana wa mlonda n'zofanana, kuti wopambana apambane ndi mutu ndi manja ake. Zikumveka zophweka, koma munthu ndi munthu. Pa zaka zoyambirira malamulo a Optimist ankasiya kampata, kuti bambo wokhoma boti pakhomo pake asalephere chifukwa cha mamilimita ochepa. Amisiri ochenjera anaona kampatako. Anayamba kupanga maboti okhala m'mphepete mwenimweni mwa lamulo, othamanga pang'ono kuposa enawo, n'kumawagulitsa modula. Kaboti ka madola 50 kaja kanasanduka ka anthu olemera. Mu 1995 bungwe linatseka mpatawo, linati maboti a fayiba onse azipangidwa mofanana ndendende, ndipo mmisiri aliyense chikombole chake chiyambe chayezedwa. Thanga lililonse lili ndi zilembo za dziko, monga RSA kapena MOZ, ndi nambala, ndipo boti lili ndi chikalata chake ngati bulubuku ya galimoto.

Ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso. Tsiku lina kusanayambe mpikisano waukulu, kunabwera bambo wina amene ankathandiza kalabu yathu ndi ndalama zambiri. Denga la shedi imene tinkayezeramo anagula ndi iyeyo. Boti la mwana wake titaliika pa sikelo, linaperewera pang'ono. Analipala kwambiri pofuna kuti lisalale. Mkulu amene ndinkamuthandiza anali nkhalamba yosalankhulalankhula. Anayezanso kachiwiri, n'kunena kuti silidutsa, pokhapokha timangirire kathabwa kolemera m'katimo monga malamulo amanenera. Bamboyo anafiira, anatchula za denga, anatchula za komiti. Nkhalamba ija inangondiuza kuti tenga sikuludiraiva. Ine m'mimba munali kutentha, ndimvekere ntchito yanga yatha lero. Tinamangirira kathabwako, mwana anapikisana, anathera pakatikati. Bamboyo anakhala miyezi osatilankhula. Koma makolo ena onse amene anali pamzere anaona, ndipo kuyambira tsiku limenelo panalibe wobweranso kudzatinong'oneza. Chikhala kuti tinamulekerera, sabata yotsatira aliyense akanagula sandipepa.

Woyeza sakhala yekha. Pali wapampando, mlembi amene amasunga kaundula wa maboti ndi manambala ake, msungichuma, ndi wokonza kalendala ya mipikisano. Onsewa salipidwa, ndi makolo ndi eni maboti ongodzipereka. Kamodzi pachaka pamakhala msonkhano waukulu, pamene amawerenga ndalama poyera, kusankha atsogoleri, ndi kuvota ngati wina akufuna lamulo lisinthe. Kusintha lamulo amakuchita movuta dala. Mukalola lero thanga la nsalu yatsopano yodula, mawa matanga onse akale asanduka zoyala pansi, ndipo osauka atuluka m'masewera mwakachetechete, osatsanzika.

Kumene mabungwewa amafera kwenikweni si pamadzi ayi, ndi pa ndalama ndi kutopa. Chaka china msungichuma wathu ankasunga zopereka mu akaunti yakeyake. Sindinena kuti anaba, mwina sanabe, koma pa msonkhano analephera kuonetsa malisiti, ndipo chaka chotsatira anthu ambiri sanapereke. Boti lopulumutsa linasowa mafuta, ndipo popanda boti lopulumutsa ana saloledwa kulowa m'madzi. Mipikisano iwiri inalephereka chifukwa cha timapepala. Tinakonza poika anthu awiri osayinira ndi kumata lipoti pakhomo la shedi mwezi ndi mwezi. Amayi a banki m'khonde, ndikuona mukugwedeza mitu, inu izi mumazidziwa kuposa ine. Vuto linalo ndi la Optimist yokha: mwana akakula, kholo lake limachoka naye limodzi, ndiye komiti imasintha zaka zochepa zilizonse. Mlembi akapanda kulemba zinthu m'buku, obwerawo amayambira pa ziro.

Mkangano wina umene umasasitsa mawu ndi wa kusankha timu. Ku mpikisano wa dziko lonse wa Optimist dziko lililonse limatumiza ana asanu okha. Wachisanu ndi chimodzi ali ndi mayi ake, ali ndi bambo ake. Mukapanda kulemba chaka chisanayambe kuti tidzasankha potengera mipikisano yakutiyakuti, mudzamva zakuti mwana wa wapampando wakondedwa, ngakhale atapambana mwachilungamo.

Mwana akatuluka mu Optimist ambiri amapita ku boti lotchedwa Laser, la munthu mmodzi, lotalika mamita 4.2. Analijambula ndi Bruce Kirby wa ku Canada, linaonetsedwa koyamba ku New York mu 1971, ndipo linalowa mu Olympics mu 1996. Apangidwa oposa 200,000. Thupi la boti ndi limodzi, umangosintha thanga ndi chigawo cham'munsi cha mlongoti molingana ndi kulemera kwako. Ben Ainslie wa ku Britain, amene anatenga mendulo ya golide pa boti limeneli mu 2000 ku Sydney, anayambira m'kabafa komwe mumaseka kaja. Ndalitchula dala boti ili chifukwa cha zimene zinachitika mu 2019. Bungwe la eni maboti linasemphana ndi kampani yaikulu imene inkawapanga, pa nkhani yolola oyendera kulowa m'fakitale, ndipo linaichotsa pa mndandanda wa opanga ovomerezeka. Koma dzina lakuti Laser m'mayiko ambiri linali m'manja mwa kampaniyo. Eni maboti anasankha kutaya dzina n'kusunga miyezo. N'chifukwa chake lero mukamva ILCA 7, ILCA 6 ndi ILCA 4, ndi boti lomwe lija. Ine ndimati anachita bwino, ngakhale pakamwa panga mpaka pano pamatuluka dzina lakalelo.

Wina kumbuyoko wafunsa ngati akuda amachita nawo. Anansi athu a ku Mozambique anatumiza atsikana atatu ku Olympics ya ku Tokyo: Deisy Nhaquile pa boti la munthu mmodzi lomweli, ndi Denise Parruque ndi Maria Machava pa boti la anthu awiri lotchedwa 470. Ndipo pa nyanja yathu ino mwaonapo maboti a mapasa aja amene amadutsa nyengo ya mwera, kuchokera ku Mangochi kulowera kumpoto, masiku angapo akugona m'madoko. Umenewo ndi mpikisano wa mtunda wautali, wosiyana ndi wozungulira zizindikiro umene ndafotokozawu, koma malamulo opatukirana ndi omwewo.

Sindinabwere kudzakunamizani kuti mawa tigula maboti. La fayiba latsopano ndi lodula, ndipo pamafunika majekete oyandamitsa, mwana aliyense adziwe kusambira, ndi boti la injini loyang'anira. Koma malamulo a Optimist amalolabe boti la matabwa, bola lidutse pa muyezo, ndipo amisiri amene amakhoma maboti a matabwa pa doko lino ntchito imeneyo singawagonjetse. Za kusunga lamulo limene mwapangana nokha, simukufunika mzungu wokuphunzitsani. Ku chilumba cha Mbenji ku Salima amatseka usodzi nyengo ya dzinja pansi pa Mfumu Makanjira, ndipo anthu amamvera chifukwa lamulolo ndi lawo. Inunso mukamayeza maso a ukonde wa mlamu wanu, mumadziwa mmene m'mimba mumatenthera.

Mapulani a kabotika ndabwera nawo, ali m'chikwamamu pamodzi ndi tepi yanga yakale. Amisiri mutsale tikabalalika, tiwayale pa mkekapa muone nokha kuti pangalowe mapulayiwudi angati. A mfumu, ndathokoza. Mayi mwakweza dzanja apo, funsani.