Makina onjenjemera ndi kuyendanso kwa munthu amene anapsa ndi moto

Zikomo amfumu, amayi ndi abambo nonse amene mwasonkhana pano. Bala la moto likapola, ambirife timati matenda atha, koma amene munadwazikapo munthu wopsa miyendo mukudziwa kuti akadzuka pamphasa amadzandira ngati mwana wongoyamba kuyenda. Masabata ogona aja amafooketsa minofu, chipsera chimakokana kuseri kwa bondo kapena pakakolo mpaka chidendene kulephera kufika pansi, ndipo timitsempha ta pakhungu timene timauza ubongo mmene phazi lapondera timakhala titawonongeka.

Njira imodzi imene madokotala a mafizo amagwiritsa ntchito, makamaka kumaiko akunja, ndi makina onjenjemera. Makinawa amaoneka ngati sikelo yaikulu ya kuchipatala, ndipo wodwala amaimapo atapinda mawondo pang'ono, manja ali pachogwirira, dokotala ali pambali pake. Poponda paja pamanjenjemera ka 20 kapena ka 30 pa sekondi imodzi, motero minofu imakungika ndi kumasuka yokha mofulumira, munthu asakunyamula cholemera chilichonse, ndipo mitsempha ya m'mapazi imazoloweranso kutumiza uthenga ku ubongo. Amaimapo kanthawi kochepa, n'kupuma, n'kubwerezanso, kangapo pa sabata kwa masabata angapo.

Ndikupempheni kuti mumvetse bwino apa. Makinawa salowa m'malo mwa mafizo, amangowonjezera, ndipo saimapo munthu amene bala lake kapena khungu limene madokotala anamuika pabalapo silinapole, mayi woyembekezera, wothyoka fupa posachedwa, kapena amene magazi anaundana m'mitsempha. Wodwala khunyu ayenera kuuza dokotala poyamba, ndipo izi zikutikhudza kwambiri chifukwa abale athu ambiri amapsa atagwera pamoto kapena pambaula matendawa atawagwetsa.

Amene mwatuluka ku wodi ya opsa ya ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, musadikire makina. Wodwala aime atagwira khoma, anyamuke pazala za kumapazi n'kutsika, kenako ayese kuima ndi mwendo umodzi wina atamuyandikira, monga mmene a mafizo anamuonetsera. Chimene chimandipweteka mtima ndi chifundo chathu chomuikira pilo kunsi kwa bondo lopsa kuti agone bwino, pakuti chipsera chimakhwima bondolo litapindika choncho. Usiku mwendowo ugone wowongoka, ngakhale wodwalayo adandaule.